Kalata yotseguka kwa a Meya a Harare ndi anduna a zanyumba ndi zaumoyo: anthu akudwala maganizo m'nyumba za khonsolo

Olemekezeka a Meya ndi makhansala nonse a ku Town House, olemekezeka anduna oona za nyumba, olemekezeka anduna a zaumoyo,

Ndikupatsani moni mwaulemu wonse, ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mayi wa ku Mbare, ndinabadwira m'mafulatsi momwemu, agogo anga aamuna anachokera ku Dedza nthawi ya atsamunda kudzagwira ntchito mu Salisbury, Harare ya lero, ndipo sanabwererenso kwawo, ndiye ife ndi zidzukulu za matchona. Ndalemba m'Chichewa chifukwa malamulo aakulu a dziko lino la Zimbabwe a 2013 anaika chilankhulo chathu pa zilankhulo 16 zovomerezeka, wokuwerengerani simumusowa, komanso ndikufuna abale anga a ku Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku, Epworth ndi Hopley awerenge nawo nkumatumizirana pa WhatsApp mpakana ikupezeni.

Nkhani yanga ndi imodzi basi. Anthu akudwala maganizo kuno, ambiri, ndipo chimene chikuwadwalitsa kwambiri ndi mmene tikukhalira. Inu mwaigawa nkhaniyi pakati, a zanyumba amati zamisala nza chipatala, a chipatala amati zanyumba nza khonsolo, koma munthu wake ndi mmodzi yemweyo, amene akugona pansi pa tebulo m'mafulatsi a Matererini ndi yemweyo amene mawa mumuona akuyenda akuyankhula yekha pa msika waukulu wa Mbare Musika. Ine ndili m'sosayete ya maliro, ife ndi amene timaphika, timagona pa siwa, timasonkha ndalama ya bokosi, ndiye timamva zimene zimanong'onedwa kuseri anthu akamafunsana kuti kodi wadwala chiyani. Maliro amene yankho lake limakhala lakuti anadzimangirira kapena anamwa mankhwala a makoswe sakutidabwitsanso, ndipo zimenezi zikundiopsa kwambiri kuposa china chilichonse.

Choyamba ndi chipinda chenichenicho. Mahositelo a Matapi, Matererini, Nenyere ndi Shawasha anamangidwa nthawi ya azungu kuti muzigona amuna okhaokha obwera kudzagwira ntchito, akazi ndi ana samaloledwa. Lero m'chipinda chimodzi chomwecho muli bambo, mayi, ana, agogo, pena ndi banja lina lachiwiri kuseri kwa katani kapena wodulopu, mwinanso loja amene akuthandiza kulipira lendi. Malo amene anali khitchini ya onse kwinaku anasanduka zipinda zogona. Bwana, taganizani mtsikana amene watha msinkhu akuvala pamaso pa alongo ake, taganizani mwana wa zaka 6 amene amamva zonse za makolo ake, mikangano ndi zina zomwe sindingalembe pano, taganizani mnyamata wa Form 4 akuwerengera mayeso pa masitepe ndi tochi ya foni chifukwa mkati anthu agona mpaka pakhomo. Palinso abambo aulonda amene amagwira ntchito usiku nkubwera mmawa kuti agone, agona bwanji pamene mkati akuphika, panja wailesi, pakhonde ana. Munthu akakhala miyezi osagona tulo tokwanira mutu sugwira, amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, amaiwalaiwala, BP imakwera, ndiye ndewu za m'banja zimayambira pamenepo ndipo mayi womenyedwa alibe ngakhale chipinda china chothawirako nkudzitsekera. Madokotala anu akudziwa bwino kuti kusowa tulo ndi nkhawa zimakokana, china chimakulitsa chinzake.

Zimbudzi ndiye ndisanene zambiri, munaonapo pa TV. Chimbudzi cha anthu ambirimbiri chatsekeka, suweji ikuyenda m'khonde, magetsi m'masitepe kulibe, mawindo anasweka kalekale anthu anatseka ndi makatoni. Amayi ndi atsikana usiku satuluka, amagwiritsa ntchito ndowa m'chipinda momwe muli anthu ena. Manyazi amenewo tsiku ndi tsiku amamudya munthu mkati, amayamba kudziona ngati si munthu, ndipo ana athu akafunsidwa kusukulu kuti umakhala kuti ena amanama.

Chachiwiri madzi. Zimadziwika kuti madzi ochokera ku Morton Jaffray, kumene amayeretsera madzi a Harare, sakwanira mzinda wonse ndipo mipopi imatha masiku ili gwa, ikatulutsa pena amabwera akuda onunkha. Amayi amadzuka usiku tambala asanalire kukaima pa mjigo, kumeneko kuli anyamata odziika okha kukhala eni mzere ofuna kangachepe, kuli kutukwanana, kuli atsikana amene amavutitsidwa mumdima. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu opitirira 4,000 m'dziko muno, inabweranso 2018 ku Glen View ndi Budiriro, inabweranso 2023. Mayi amene anaikapo mwana chifukwa cha kolera, mwana wina akangotsegula m'mimba pang'ono iye thupi lonse limanjenjemera, sagona, sadya. Kuchipatala amachiza mwanayo, zikomo, koma mayi uja palibe amene amamufunsa kuti nanga inu mumtima muli bwanji.

Chachitatu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pamatipweteka ife a mtundu wathu, ndi mantha otulutsidwa. Mu May 2005 kunabwera Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi misika imene linkati ndi zosaloledwa. Nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka, inalemba kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena ntchito kapena zonse ziwiri, ndipo ena 2.4 miliyoni anakhudzidwa mwa njira zina. Inali nthawi yachisanu, anthu anagona panja ndi makanda pambali pa katundu wawo. Amene anagwetseredwa ankauzidwa kuti bwererani kumusha. Anzathu a Chishona, ngakhale zinali zowawa, ena anakwera basi kupita ku Murehwa kapena ku Gutu kwa makolo awo. Nanga ife? Mwana wobadwira ku Mbare, bambo ake obadwira pa famu ku Mazowe kapena pa mgodi, agogo ake anachoka ku Ntcheu kapena ku Mangochi asanakwatire, kumudzi kwake ndi kuti? Ku Malawi sakumudziwa, kuno alibe munda, alibe sabhuku, nyakwawa ya mudzi, womulandira. Kwathu ndi chipinda chomwechi. Ndichifukwa chake mukangolengeza pa wailesi kuti mafulatsi a Mbare agwetsedwa kuti pamangidwe atsopano, popanda kunena kuti anthu apita kuti ndipo abwerera liti, agogo athu sagona sabata yonse, ena amayamba kumanga katundu m'zitenje. Mawu amenewa takhala tikuwamva kwa zaka zambiri, amabwera nkupita makamaka chisankho chikayandikira, inu mumayankhula nkuiwala koma kuno amasiya anthu akudwala.

Garikai, ntchito ya boma yomangira anthu nyumba, imene inalonjezedwa pambuyo pa Murambatsvina inafikira anthu ochepa, ndipo nyumba zina zinaperekedwa zopanda madzi ndi zimbudzi. Pitani ku Hopley mukaone anthu amene anatayidwa kumeneko nthawi imeneyo, ana amene anabadwira m'matenti pano ndi makolo, ambiri akadali opanda pepala losonyeza kuti malowo ndi awo. Mu December 2020 nyumba zinagwetsedwa ku Budiriro mvula ili mkati. Ndikudziwa kuti pali nkhani ya mabaroni ogulitsa malo mwachinyengo ndipo sindikuikira kumbuyo kumanga paliponse, koma amene amalangidwa ndi wogula wosauka amene anasunga ndalama zaka zambiri, wogulitsa uja ali phee. Gawo 74 la malamulo aakulu likunena kuti munthu asatulutsidwe m'nyumba kapena kugwetseredwa popanda chilolezo cha khoti litaunika zonse, gawo 28 likuti boma liyesetse kuti aliyense akhale ndi pogona poyenera. Mwana amene anaona buludoza ikuphwanya nyumba yawo amakula nazo, ena amakodza pogona mpaka atakula, ena akamva galimoto yaikulu ikulira amathawa kukabisala.

Pamwamba pa izi pali vuto la mapepala. Zipinda zambiri zikadali m'dzina la agogo amene anamwalira kalekale, kuti dzina lisinthe pamafunika chitupa, kalata yakubadwa, kalata ya imfa. Ambiri a ife makolo athu anali ndi zitupa zolembedwa alien, kutanthauza mlendo, lamulo la unzika la 2001 linasiya anthu ochuluka m'malere, ndipo ngakhale gawo 43 la malamulo a 2013 linati wobadwira muno amene kholo lake linachokera dziko la SADC ndi nzika, kuti zimenezo zifike pa pepala ndi ulendo wautali. Mayi wopanda chitupa satengera mwana kalata yakubadwa, mwanayo mayeso amavuta kulemba, ntchito yolembedwa sapeza, pa mndandanda wodikira nyumba salowa. Mnzanga wina wa kutchalitchi anayenda maofesi mpaka nsapato kutha, uku akuti bweretsani mboni ya wachibale wa bambo anu, wachibaleyo kulibe onse anatha, pano anangosiya, amangokhala m'nyumba osafuna kuonana ndi anthu, ndipo anali mayi wansangala woimba kwaya. Amene ali pa mndandandawo nawonso amalipira chaka ndi chaka kuti dzina lisafufutidwe, ena analembetsa ali anyamata pano ali ndi imvi. Boma linalonjeza mu ndondomeko yake ya chitukuko ya NDS1 nyumba 220,000 pofika 2025. Ife tikufunsa mwaulemu kuti mwa nyumba zimenezo ndi zingati zimene mayi wogulitsa tomato angakwanitse kulowamo, chifukwa zimene timaziona zikutsatsidwa zimafuna pepala la malipiro ndi dipoziti ya madola ambirimbiri.

Chachinayi ndi umphawi womwewo, sindichulukitsa chifukwa mukuudziwa. Penshoni za makolo athu zinapita ndi kugwa kwa ndalama mu 2008, zotsala zinapitanso 2019, ndalama yatsopano ya ZiG inabwera mu April 2024 nkugwa mphamvu chaka chomwecho, koma alandilodi amafuna madola a ku America pa 1 pamwezi osaphonya. Mu October 2024 Mbare Musika inapsa, anthu anataya katundu yense usiku umodzi, ambiri anali wa ngongole. Wogulitsa m'misewu amakhala maso uku ndi uku kuopa kulandidwa katundu. Mapeto ake ndi katapila, chimbadzo chija, ndipo munthu amene ali ndi ngongole ya katapila, lendi, fizi ndi mankhwala a agogo mutu wake supuma olo mphindi imodzi. Abambo ambiri sanena, amangoyamba kumwa kwambiri kapena kungoti zii, ndipo maliro aja ndanena ambiri amakhala a iwowa.

Chachisanu ana athu ndi mankhwala ozunguza bongo. Mutoriro, bronco, musombodhiya, chamba, zonsezi zikugulitsidwa m'makona amene aliyense akuwadziwa. Mnyamata wopanda ntchito, wopanda pogona pake, amene m'chipinda amauzidwa kuti tuluka tivale, tuluka tisese, tuluka alendo abwera, amakathera ku beisi, kumene amagulitsa ndi kusutira mankhwalawa, chifukwa ndi malo okhawo amene samuthamangitsa. Mutoriro umamuchotsera njala ndi tulo, pamene chakudya ndi pogona kunyumba zikusowa kale, ndiye mukuona mmene msampha wake ulili. Akayamba kuona zinthu zosaoneka ndi kuphwanya katundu, mayi ake amamutengera ku Annex, chipatala cha maganizo cha ku Parirenyatwa, kapena ku chipatala cha Sally Mugabe, amakhalako, amabwera ali bwino ndithu, nkubwerera m'chipinda chomwechija, beisi ili pansi pa masitepe omwewo. Kuli ngati kusambitsa mwana nkumukhazikanso pamatope. Malo othandizira kusiya mankhwala amene alipo ambiri ndi olipira madola amene ife sitingawapeze, ndiye mabanja ena amafika pomanga mwana wawo ndi chingwe kapena tcheni, osati chifukwa cha nkhanza koma kusowa chochita. Kugwira ndi kutsekera achinyamata osuta kokha sikutha vutoli ngati ogulitsa akuluakulu akuyenda momasuka.

Sindingakhale wachilungamo ndikapanda kuthokoza pamene pali chabwino. Friendship Bench inayambira kuno ku Mbare komwe, Dr Dixon Chibanda ndi anzawo anaphunzitsa agogo aakazi a m'makiliniki a khonsolo kukhala pa benchi nkumamvetsera munthu, kumuthandiza kuona mavuto ake limodzilimodzi ndi kusankha loyamba kulimbana nalo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi ndi 14 pa 100 okha amene anali akadali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi theka. Nzeru imeneyi mayiko ena akubwera kudzaitenga kuno. Koma funsani agogo a pa benchiwo kuti anthu amabwera ndi mavuto anji, akuuzani lendi, njala, nkhanza za m'banja, HIV, kusowa pokhala. Gogo angathe kumutsitsa munthu mtima, sangathe kutsegula suweji kapena kusaina lizi. Mbali imeneyo ndi yanu. Komanso madokotala a matenda a maganizo m'dziko la anthu opitirira 15 miliyoni ndi ochepa zedi ndipo ambiri ali mu Harare ndi Bulawayo, mankhwala nawo amasowa, wodwala amapatsidwa pepala kuti akagule ku famase, akasowa ndalama amadumphitsa, matenda nkubwerera mwamphamvu kuposa kale.

Pali gulu lina limene palibe amene amalitchula, nkhalamba zathu zimene zinabwera kuchokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia zili zachinyamata. Ena akayamba matenda oiwala aukalamba, Chishona ndi Chingerezi zimawathawa, amatsala ndi Chichewa kapena Chiyao cha paubwana wawo, amatuluka usiku kufunafuna njira ya kumudzi kumene anachoka zaka 60 zapitazo. Akapezeka pakhomo pa eni mbandakucha anthu amakuwa kuti mfiti yagwa. Apa ndikuyankhulanso ndi inu abale anga amene mukuwerenga, tisiye kuthamangira kunena kuti walodzedwa kapena ndi wamisala, awa ndi matenda ndipo ena amachizika, kupemphera tipemphere koma kuchipatala timutengerenso. Kumipingo kwathu, ku CCAP, ku Katolika, kumzikiti, ngakhale kudambwe, nkhani imeneyi tiziikamba poyera.

Tsono olemekezeka, zopempha zathu ndi izi:

1. Konzani zimbudzi, mapaipi a suweji, madzi ndi magetsi a m'makhonde ndi m'masitepe a mahositelo onse a Mbare, ndipo mulengeze poyera buloko iti ikonzedwa mwezi uti, kuti tizitha kukufunsani. Lendi imene imatoleredwa m'mafulatsi tiuzidwe kuti imagwira ntchito yanji.

2. Musagwetse nyumba kapena kutulutsa munthu popanda chilolezo cha khoti komanso popanda malo ena okonzeka, ndipo nthawi ya mvula ndi yachisanu musagwetse konse. Ngati mafulatsi adzamangidwenso, banja lililonse lilembedwe kaye, maloja omwe, lipatsidwe pepala losainidwa lonena kumene likadikire ndi kuti lidzabwerera. Musanalengeze pa wailesi bwerani mudzatiuze ife eni ake.

3. Tsegulani njira yosavuta yosinthira dzina la chipinda kuchoka kwa womwalira kupita kwa mkazi wamasiye kapena ana amene akukhalamo, ndipo mugwirizane ndi a kaundula kuti abwere ku Mbare, Hopley ndi Epworth kudzathandiza opanda zitupa, avomere umboni wa atsogoleri a mipingo, asukulu ndi aneba pamene achibale kulibe.

4. Pa nyumba zatsopano zilizonse za boma kapena khonsolo, gawo lodziwika likhale la lendi yotsika ya anthu osalembedwa ntchito. Mndandanda wodikira ukhale poyera, ndipo mabanja amene ali ndi wodwala maganizo, wolumala kapena nkhalamba aziganiziridwa msanga. Zimene zinachitika ku Dzivarasekwa Extension, pamene khonsolo inagwira ntchito ndi Zimbabwe Homeless People's Federation ndi Dialogue on Shelter anthu nkumasunga ndalama pang'onopang'ono ndi kumanga okha, zinaonetsa kuti osauka akapatsidwa malo otsimikizika amamanga. Chitaninso zimenezo kwina.

5. Kiliniki iliyonse ya khonsolo ikhale ndi nesi wophunzira za matenda a maganizo ndi mankhwala osasowa, aulere kwa osauka. Agogo a pa benchi alipidwe moyenera ndiponso pa nthawi yake, ndipo pakhale ena olankhula Chichewa ndi Chiyao.

6. Wodwala akamatulutsidwa kuchipatala cha maganizo pakhale wa zachisamaliro cha anthu womutsatira kunyumba kukaona kumene akubwerera. Mutsegulenso malo aboma osalipira othandizira achinyamata kusiya mankhwala, ndipo maholo ndi mabwalo a masewero a m'malokeshoni abwerere kwa ana, azipeza kopita masana.

7. Maofesi anu atatuwa akhale pa tebulo limodzi pa nkhaniyi, ndipo pa tebulopo pakhalenso anthu okhala m'mafulatsi, amayi ndi achinyamata, osankhidwa ndi ife osati ndi chipani chilichonse.

Sindinalembe kuti ndinyoze munthu kapena kukweza chipani, ndikudziwa kuti khonsolo ndi boma mumalozana zala pa nkhani ya ndalama ndi mphamvu, koma ife amene tili pakati sitingadikire kuti mugwirizane kaye pa ndale. Tikupempha kuti mutiyankhe poyera, ndipo ngati nkotheka muitanitse msonkhano ku Stodart Hall kapena ku Mai Musodzi Hall tsiku Loweruka kuti ogulitsa ndi ogwira ntchito athe kubwera. Musanalowe mu holo mudzayambe mwayenda nafe m'buloko imodzi kuchokera pansi mpaka pamwamba, amayi a sosayete tidzakuperekezani.

Ine mwana wanu,
Mayi wa ku mafulatsi a Mbare, m'malo mwa amayi anzanga a sosayete ya maliro